Sabata Yoti Ndipumitse Amayi Jere Pantchito

Lolemba

M'mimba mukuwotcha chidzukire. Si matenda, ndadziyeza. Ndi Amayi Jere.

Ndilembe bwinobwino, mwina pepala lindithandiza kuganiza. Chaka chino andiika kukhala mkulu wa chipatala chathu cha mishoni. Sindinapemphe. Amene analipo anasamukira ku Lusaka, dokotala wotsala ndinali ine. Sabata yatha Abusa Sakala, apampando a bodi ya chipatala, anandiitanira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, akuyang'ana uku ndi uku ngati tikugulitsana katundu wakuba. Akuti Amayi Jere, mkulu wa manesi athu, anapitirira kalekale zaka zopumira pantchito. Kontirakiti yawo ikutha mwezi uno, bodi siikufuna kuwonjezeranso. Bodiyo ikumana Lolemba likubwerali, ndipo pofika tsikulo akhale atauzidwa.

"Muwauze ndinu, a Dokotala. N'chifukwa chake takulembetsani maphunziro aja a utsogoleri."

Amayi Jere kwa ine ndi ndani:
- ndi amene anandilandira tsiku lobadwa, m'wodi yomweyi ya amayi
- ndi mnzawo wa amama, amakhala benchi limodzi ku chigwirizano
- anali alangizi anga pa ukwati, ndiye amadziwa zinthu za ine zimene ine ndinaziiwala dala
- m'wodi amanditcha "a Dokotala", pakhonde amati "mwanawe"

Zikanakhala zaka zokha ndikanawamenyera nkhondo. Koma pali china chimene bodi siikudziwa. Maso awo. Mwezi watha anatenga botolo lolakwika pofuna kubaya mwana wodwala malungo. Mabotolowo amafanana. Sisita Daka anawagwira dzanja jakisoni asanalowe, mwanayo sanaone vuto. Sisita Daka anauza ine ndekha. Kuyambira pamenepo mtima suli m'malo.

Maphunziro ali pa loji ina m'tauni. Timayamba m'mawa, tikadya nkhomaliro aliyense abwerere kuntchito kwake kukayesa zimene waphunzira. Mphunzitsi ndi a Mwansa ochokera ku Lusaka. Tayi pakhosi, kutentha konseku! Akuti ife madokotala timadziwa kutsegula mimba ya munthu koma sitidziwa kutsegula msonkhano. Holo yonse yaseka. Ine ndaseka mochedwa.

Choyamba atilanda mafoni, aika m'dengu patsogolo. Dengulo likungonjenjemera tsiku lonse, ife maso pomwepo ngati nkhuku zoona chimanga m'botolo.

Kenako afunsa aliyense masomphenya ake. Kwathu masomphenya amaona ndi aneneri ndi odwala malungo aakulu. Anzanga anena za zipatala zowala, odwala okondwa. Anga enieni ndi oti ndifike Lolemba la mawa ndili moyo. Ndanena za odwala okondwa.

Atigawa m'magulu, atipatsa supageti yosaphika ndi selotepi, akuti timange nsanja. Madokotala akuluakulu, ena imvi mbuu, kulandana selotepi! Nsanja ya gulu lathu yakana kuima. A Tembo, amene ndikukhala nawo tebulo limodzi, eni kiliniki ina ku Kapata, atafuna denga lake mosazindikira.

Ntchito ya sabata: aliyense asankhe chinthu chimodzi chovuta chimene wakhala akuchizemba, achichite, Lachisanu adzafotokoze pamaso pa onse. Ndalemba pa kapepala kachikasu, ndaphimba ndi dzanja ngati mwana pa mayeso.

Nditatenga foni m'dengu, meseji yoyamba ndi yawo: "Wadya mwanawe?"

Pulani:
1. kumvetsera bwino mawa
2. kuwauza mawa lomwelo
3. osalira

Lachiwiri

Lero taphunzira sangweji. Osati yakudya. A Mwansa ajambula pa bolodi: buledi pansi, nyama pakati, buledi pamwamba. Akuti ukafuna kuuza munthu nkhani yowawa, yamba ndi kumuyamikira, chowawacho uike pakati, utseke ndi kuyamikira kwina. Munthu amameza osamva kuwawa. Ndalemba zonse. Ndajambulanso sangwejiyo m'kope, yanga yaoneka ngati kamba.

Njira yonse yobwerera ndikuyeserera m'galimoto. Pa maloboti wanjinga wina wandiona ndikulankhula ndekha ndi manja omwe, wagwedeza mutu mondimvera chisoni.

Ndaitanitsa Amayi Jere ku ofesi. Abwera ndi botolo la thobwa ndi makapu. Akhala, ayang'ana desiki, asuntha mafayilo, apukuta fumbi ndi chikhatho, aika belo pamalo pamene iwo akufuna. Ofesi yanga!

Buledi wapansi: ndawauza kuti chipatala chino chaima pamsana pawo. Kuti m'midzi yonse yozungulira mulibe nyumba yopanda mwana wobadwira m'manja mwawo. Kuti palibe nesi anadutsa pano osaphunzira kwa iwo. Zonse zoona, ndiye vuto lake. Ndalankhula motalika, ndikuwonjezera buledi pa buledi, poopa kufika pa nyama.

Ndakweza maso. Akulira.

Amayi Jere! Amene anthu amati ngakhale pa maliro a amuna awo ankangolamula ophika!

"Zaka zonsezi palibe mkulu wa chipatala ananenapo zimenezi. Mpaka wabwera iwe, mwanawe, amene unatuluka miyendo patsogolo."

Basi, nkhani ya kubadwa kwanga yayamba. Mvula, magetsi kuzima, nyali ya palafini, amama kukuwa, ine kutuluka osalira, iwo kundipumira mkamwa. Ndimaidziwa pamtima koma sidulidwa pakati. Itatha ndatsegula pakamwa kuti ndiike nyama, Sisita Daka wagogoda: mayi wina wabereka kumene akutaya magazi. Tathamanga tonse. Manja a Amayi Jere sanakalambe, zimenezo ndaona ndi maso anga. Mayi ali bwino, mwana ali bwino.

Potuluka andisisita pamsana. "Unkafuna kunenanso china?" Ndati ayi, chinali chomwecho.

Zotsatira za lero: ndagawa buledi wokhawokha.

Lachitatu

Phunziro la lero landitsitsimutsa ngati madzi a mumtsuko. Kugawira ena ntchito! A Mwansa akuti mtsogoleri wochita zonse yekha ndi wodzikonda, amamana anzake mwayi wokula. Ndinafuna kuwakumbatira. Ine sindifuna kukhala wodzikonda, ayi ndithu.

Atiuza tilembe zimene timachita zosayenera ife. Zanga:
- kusunga makiyi a jenereta
- kuweruza mkangano wa chingwe choyanikira zovala ku nyumba za manesi
- kufufuza amene anadya mapapaya a kuseri kwa labu
- kuuza Amayi Jere

Chomalizachi ndachizunguliza.

Anthu amene ndingawapatse mwayi wokula ndi awiri: a Nkhoma, oyang'anira za antchito, ndi Abusa Sakala, eni ake nkhani.

A Nkhoma andimvetsera mpaka kumapeto, nkhope ikugwa pang'onopang'ono. Kenako apinda mkono wa shati, akuti ndiwayeze bipi. Yakweradi! Patapita kanthawi abweranso, akupempha kupita ku maliro a amalume awo ku Lundazi. Ndikukumbuka kuti amalume a ku Lundazi tinawalira kale chaka chatha. Mwina analipo awiri.

Abusa pa foni: "Mutu ukakula sulewa nkhonya, a Dokotala." Ndati mutu wa apampando ndi waukulu kuposa wanga. Ayamba halo, halo, halo, akuti ali pa ulendo, netiweki ikuvuta. Pa foniyo ndikumva tambala akulira. Tambala yemweyo ndikumumvanso pa windo la ofesi, kuchokera ku nyumba ya abusa.

Ndipo buledi wa dzulo wayenda. Wafika kukhitchini, kochapira, mpaka kwa amayi ogulitsa vitumbuwa pageti. Mlonda wandigwira chanza ndi manja awiri, akuti wamva kuti Amayi Jere alandira mendulo. Mendulo yanji? Yochokera kuti? Eni akewo ndakumana nawo pakhonde avala nsapato zatsopano, akuyenda ngati mtsikana. Manesi akuti lero sanakalipire munthu.

Madzulo foni ya amama. Za mdzukulu wawo Tamara sanafunse n'komwe. "Wandichotsa manyazi, mwana wanga. Ena akaphunzira amaiwala amene anawadula mchombo." Ndati zikomo amama. Zikomo! Ndi pakamwa pangapa!

M'mimba mukuwotchabe. Ndamwa mankhwala amene ndimaletsa odwala kumwa mwachisawawa.

Lachinayi

Sewero. A Mwansa akuti lero tiyeserere: wina akhale bwana, wina wantchito wouzidwa nkhani yoipa. Ndayang'ana pansi, ndiye andisankha. A Tembo akhala wantchito.

Ndachita zonse mwandondomeko. Kuyang'ana m'maso, mawu odekha, osapepesa kwambiri, tishu pafupi. A Tembo: "Ndamva bwana, zikomo pondiuza mwaulemu." Basi, zatha. Holo yonse m'manja. A Mwansa akuti ndili ndi mphatso. Mphatso yanji, a Tembo anali ataona kuti tiyi wafika pakhomo.

Pa tiyipo ndawauzako pang'ono, osatchula dzina. Malangizo awo: nditumize meseji, ndizimitse foni, ndikagone kwa achibale. Akuti iwo anachotsa mlonda choncho. Ndawafunsa ngati mlondayo anawapumirapo mkamwa ali khanda. Andiyang'ana, atenga sikono ina.

Masana ku wodi ya ana. Ndili kuseri kwa katani, ndikumvetsera chifuwa cha kamwana. Amayi Jere ali pa kabati ya mankhwala, sakundiona. Atenga kabotolo. Akayandikitsa kumaso, akatalikitsa, apita nako pa windo. Aima pamenepo. Kenako: "Sisita Daka, tabwerani. Werengani apa, ndione ngati zimene munaphunzira zikadalimo m'mutu." Sisita Daka wawerenga mokweza. Iwo: "Mwakhoza."

Ndiye ndi mmene akhala akuchitira. Manesi onse amadandaula za mayeso odzidzimutsa a Amayi Jere, ine ndinkaseka, ndinkati ndi ukali wawo chabe. Nanga tsiku limene sipadzakhala wina pafupi woti ayesedwe?

Lero sindinaseke.

Ndauza Sisita Daka kuti asatalikire kabatiyo mpaka nditakonza nkhaniyi. Wandiyang'ana mwaulemu wonse. "Liti, a Dokotala?"

Funso labwino.

Kunyumba ndapempha abambo a Tamara andithandize kuyeserera, popeza iwo amawadziwa Amayi Jere enieni, osati a Tembo. Aphunzitsi a sekondale, munthu wolemekezeka m'mpingo, amanga chitenje changa m'chiuno, duku kumutu, akhala pampando nsana chilili. Ndayamba: "Amayi, bodi yaganiza kuti..." Iwo angotambasula zikhatho pamaso panga. "Manja awa, mwanawe. Manja awa." Mawu enieni a Amayi Jere, ndi kapumidwe komwe!

Ndapezeka ndagwada pansi ndikupepesa kwa mwamuna wanga wovala duku.

Tamara walowa, wationa, watuluka mwakachetechete. Sanafunse. Ndikuopa zimene akanene kusukulu.

Lachisanu

Tsiku lofotokoza.

Anzanga achita zazikulu. Wina wathetsa msonkhano umene unkadya m'mawa wonse odwala ali pamzere. Wina wauza dokotala mnzake kuti zolemba zake sizimawerengeka, ngakhale mwini wake walephera kuziwerenga. A Tembo auza mlamu wawo asiye kunyamula feteleza pa galimoto ya kiliniki. Mlamuyo sakuwalankhula, akazi awonso sakuwalankhula, koma a Mwansa akuti kumeneko ndiye kukula.

Nthawi yanga. Ndaima. Ndamva pakamwa panga pakunena kuti:
- ndayala maziko a kukhulupirirana
- ndafikira onse okhudzidwa
- nkhaniyi ili pa gawo lomaliza

Bodza mulibemo. Zoonanso mulibemo. A Mwansa alemba "kuyala maziko" pa bolodi, azunguliza ndi cholembera chofiira, akuti ena atengerepo chitsanzo. Setifiketi, chithunzi, kumwetulira. Malinga ndi pepalali ndine mtsogoleri.

Pobwerera ndapeza amayi a chigwirizano pakhonde la tchalitchi akuphunzira nyimbo, amama pakati. Akuti Lamulungu kuli mwambo wothokoza Mulungu chifukwa cha ntchito ya Amayi Jere. Chitenje asankha kale, changa andisungira. Mbuzi yamangidwa kale pa mtengo, ikuyang'ana anthu ngati mmene ndikuwayang'anira ine. Woyankhula wamkulu: ine.

Kenako meseji ya Abusa. Netiweki yachira. "Ndamva za mwambo wotsanzikana. Mwagwira ntchito, a Dokotala. Maphunziro sanapite pachabe."

Wotsanzikana!

Abusa akudziwa kuti ndi wotsanzikana. Amayi Jere akudziwa kuti ndi woyamikira. Tchalitchi chimodzi, tsiku limodzi, maikolofoni imodzi, ndipo idzakhala m'manja mwanga.

Njira zothawira zimene ndaganiza:
- kudwala. Koma wodzandisamalira adzakhala Amayi Jere
- kuwoloka malire, Malawi si patali. Koma amama ali ndi abale ku Mchinji
- kupempherera opaleshoni yadzidzidzi Lamulungu m'mawa. Ndachita manyazi, ndafufuta

Palibe. Mawa ndipita kunyumba kwawo.

Loweruka

Ndanyamuka dzuwa lisanakwiye. M'chikwama muli kope la maphunziro, tishu, timapepala tachikasu. Njira imadutsa pa nyumba ya a Nkhoma. Anamfedwa ali pakhonde akumwa tiyi. Andiona, alowa m'nyumba ndi kapu yomwe.

Amayi Jere ndawapeza pamphasa, pamthunzi, akusokerera batani pa bulauzi yoyera ya mawa. Kunena zoona sakusoka. Ulusi dzanja lina, singano dzanja lina, zikungophonyana. Andipatsa zonse ziwiri. Ndalowetsa ulusi. Ndabweza.

Sangweji yonse yauluka m'mutu. Chimene chatuluka: "Amayi, tayang'anani kuno." Ndatenga katochi kanga kamene sikachoka m'chikwama. Diso lamanja, diso lamanzere. Ng'ala. Onse awiri, lamanja loyera ngati mkaka wothira madzi. Akanakhala wodwala wa pamzere ndikanaona kalekale. Koma Amayi Jere ndani amawayang'ana m'maso?

Akwiya. Akuti wandituma ndani, Daka eti? Akuti anthu akhala akuwalondalonda ngati wakuba. Ndawasiya amalize. Kenako ndawauza za botolo la mwezi watha, ndi zimene ndinaona pa kabati Lachinayi. Mawu atuluka onse. Ndalankhula mmene ndimalankhulira ndi wodwala, popeza ndi njira yokha imene ndimaidziwa.

Nkhuku zikungopalasa.

Kenako, motsitsa: "Ndimaopa mpeni, mwanawe. Anthu ambirimbiri ndawagoneka pa tebulo lija ndikuwauza kuti musaope. Ine sindinagonepo."

Ndawafotokozera kuti ndi opaleshoni yaing'ono, munthu sagonekedwa tulo, ambiri amayamba kuona msanga. Amazidziwa zonsezi, koma amvetsera ngati akuzimva koyamba, akugwedeza mutu. Ndaimbira pomwepo mnzanga wa ku chipatala cha maso m'tauni, Amayi Jere asanasinthe maganizo. Awalandira sabata ya mawa.

Zimene tagwirizana:
- makiyi a kabati ya mankhwala apita kwa Sisita Daka lero lomwe. Awamasula okha pa chingwe cha m'chiuno, andipatsa akuyang'ana kumbali
- sagwira jakisoni kapena botolo mpaka a maso atalola
- tsiku la opaleshoni ndidzakhalepo, ndidzawagwire dzanja, ndipo akadzalira ndisadzauze munthu

Yatsala nkhani ya bodi. Ndakoka mpweya monga anatiphunzitsira a Mwansa. Andiyambirira ndi iwo: "Ndikachira ndidzaona fumbi lonse limene atsikana aja akhala akundibisira m'wodi. Adzalira!" Akuseka, misozi ili m'masaya.

Mpweya uja ndautulutsa wopanda mawu.

Ndabwerera ndi makiyi ndi nkhuku yamoyo.

Lamulungu

Tchalitchi chodzaza, ena akusuzumira pa mawindo. Mbali yonse ya amayi chitenje chimodzi. Ine kutsogolo, thukuta mpaka m'nsapato.

Ndalankhula mwachidule, zoyamikira zokhazokha, anthu aomba m'manja. Abusa atenga maikolofoni, nkhope yachifundo. Akuti ngakhale ng'ombe yamphamvu imafika tsiku loimasula goli. Akuti wolima bwino ayenera kukhala pamthunzi, adye za m'munda mwake. Akutsetsereka bwinobwino kulowera kotsanzika. Ine ndikuyang'ana chitseko.

Amayi Jere aimirira asanaitanidwe. Maikolofoni akana, mawu awo amafika okha.

"Zoona Abusa, ndikupita kukapumula."

Abusa maso kumwamba, kuthokoza.

"Masabata ochepa chabe. Mwana wangayu wapeza ng'ala m'maso mwanga, akukandikonzetsa. Ndikabwera ndi maso atsopano, ntchito ipitirira!"

Nthungululu! Ng'oma! Amama akuvina mpaka kuguwa. Abusa akuomba m'manja, popeza mpingo wonse ukuwaona, koma maso ali pa ine.

Panja, pamzere wogwirana chanza, Abusa akumwetulirabe: "Mawa ku bodi mukafotokoza nokha."

Chabwino. Ndikafotokoza. Ndikawauza zonse, za botolo, za makiyi, za opaleshoni. Ndikapempha chaka chimodzi, kuti Amayi Jere aphunzitse Sisita Daka kuyendetsa manesi, achoke ndi ulemu wawo. Mwina akavomera. Mwina akapumitsa ine. Mankhwala a ana ali m'manja mwa munthu woona bwino, chimenecho chokha ndiye ndagwira sabata ino. Zina zonse zandipulumuka.

Tikudya mbuzi, Amayi Jere andikodola. Ndapita, ndagwada pambali pawo. Andinong'oneza: "Mawa ku bodi uvale diresi lalitali, mwanawe. Maondo ako amanjenjemera, asakawaone."

Ine za bodi sindinawauzepo.

Diresilo ndasita.